Anandijambula Nditapaka Milomo

1

Ngati muli pa gulupu iliyonse ya anthu a ku Dowa, nkhope yanga mukuidziwa. Ndine uja wa wigi yapinki, milomo yofiira, nsapato za gogoda, amene akuzungulira pa kapinga chokupizira mphepo chili m'manja. Dzina langa ndi Kumbukani, ngakhale kuti kwa milungu yambiri munkanditchula Anti Kumbu. Ndalemba kuti mumve mbali imene vidiyo ija sinajambule.

Kuno ku Doha, m'dziko la Qatar, ndinabwera ngati mlonda. Kampani yathu imakonza maphwando: kumanga matenti, kuyala mipando, kubweretsa zoimbira ndi anthu osangalatsa ana. Ine ntchito yanga inali kuima pa geti, yunifomu itamata pamsana ndi thukuta, n'kumalozera alendo poimika galimoto. Thupi ndili nalo. Ndine wamtali, wa mapewa otambalala, ndipo mawu anga ndi a besi moti ku kwaya ya kwathu ankandiimika kumbuyo kwenikweni.

Ndinalinso ndi chibwenzi. Esnart, mtsikana wa ku Mponela, ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Al Markhiya. Tinadziwana Lachisanu lina ku Corniche, m'mbali mwa nyanja mmene aMalawi timakatayitsa nthawi tikapuma. Zinthu zinali zitafika patali. Atsibweni anga anali atakaonekera kale kwawo, ankhoswe a mbali zonse atagwirizana, chinkhoswe chikudikira Disembala. Mtsikana ameneyu ndinkamukonda mopusa, ndisakunamizeni. Akachedwa kuyankha meseji, chakudya sichinkatsika pakhosi.

2

Bwana wathu wa za zisudzo ndi mayi wa ku Lebanon, dzina lake Yasmin. Mayi ameneyu mutu wake unadzaza makatuni a ku Japan, aja amawatcha anime, ndi mabuku azithunzi owerenga kuyambira kumapeto. Ana a anthu opeza bwino kuno amawakonda zedi, ndiye pa mabefide amafuna anthu ovala ngati a m'makatunimo. Mnyamata wa ku Philippines amene ankasewera mbali ina atabwerera kwawo, Madamu Yasmin anandiitanitsa ku ofesi ku Al Sadd.

"Kumbu, habibi, tayenda ufike pa chitseko apo," anatero m'Chingerezi chake chothamanga. Habibi ndi Chiarabu, kutanthauza wokondedwa.

Ndinayenda ngati mlonda.

"Ayi. Yenda ngati msewu wonse ndi wako, ndipo aliyense amene ukukumana naye wavala zosakhala bwino."

Sindidziwa chimene chinandigwira. Ndinathyola chiuno, n'kutukula chibwano, dzanja lina m'mwamba ngati ndanyamula kapu ya tiyi wotentha. Madamu anawomba m'manja kamodzi kokha.

"Khalas, basi. Ndi iweyo."

Kenako anatembenuza kompyuta kuti ndione zithunzi. Woyamba anali mwamuna wowonda, watsitsi lofika m'chiuno, duwa lili kukamwa. "Uyu ndi wokongola kuposa akazi onse a m'nkhani yake, ndipo ndi woipa mtima kuposa amuna onse. Amapha munthu uku akuyang'ana zikhadabo zake." Wina anali chimphona cha ndevu zometa kumene, chopaka milomo, chitaima kuseri kwa kauntala ya bala. "Uyu amatchula aliyense kuti mwanawe, amalangiza osweka mtima, amalira msanga. Koma wina akagwira mnzake, mawu amatsika kukhala a chimuna, n'kumenya anthu khumi yekha." Anadumpha zithunzi zina mothamanga, za amuna othamangitsa tianyamata kuti atipsompsone. "Awa sindiwafuna, ndi nthabwala zotsika."

"Nanga eni akewo amawalemekeza kapena amawanyoza?" ndinafunsa.

"Zonse ziwiri, ndipo nthawi zina iwo omwe sadziwa kuti akuchita chiti. Koma funsa mwana aliyense amene amamukumbukira nkhani ikatha. Si mnyamata wabwino wa lupanga uja ayi."

Madamu anali atapanga munthu wakewake posakaniza woipa mtima uja ndi chimphona chija, n'kumutcha Jenerali Shuga. Anandiuza kuti ndi mwamuna ndithu, buluku amavala, ndipo kuno sitingapyole pamenepo. Tizisewera m'mipanda ya anthu yokha, kuvalira konko, kuvulira konko. Ndinavomera chifukwa cha dzuwa la pa geti. Umu ndi mmene ndinadziuzira.

3

Mwina mukudabwa kuti mlonda anaphunzira kuti kuthyola chiuno. Za kudambwe sindinena zambiri, ndinalumbira. Koma aliyense wa kwathu amadziwa kuti pa bwalo la gule pamatuluka zilombo zina za chitenje ndi duku, za pachifuwa potukumuka, zoyenda monyang'wa mpaka amayi kugwa ndi phwete. Ndingoti mayendedwe amenewo sindinawaphunzire ku Japan.

Zina zonse Madamu Yasmin anandiphunzitsa: kuseka kokweza chikhatho chili pambali pa kamwa, kutsegula chokupizira ndi dzanja limodzi, kukomoka mwadala ukaona keke yosakongoletsa bwino, kenako kutsitsa mawu mwadzidzidzi mwana akakoka wigi. Ana ankachita misala. Ndipo apa ndinene chilungamo chimene atsibweni sanachimvepo: ntchito imeneyi ndinaikonda. Pa geti anthu ankandidutsa ngati mzati. Ndikavala Jenerali, bwalo lonse linkatembenuka, ndipo ndinkatha kuuza dokotala wamkulu kuti tayi yake ikufanana ndi katani ya kubafa, iye n'kumaseka mpaka misozi.

M'Malawi mmodzi yekha ndi amene ankadziwa. Macfussy, dalaivala wa vani ya kampani, ndi wa m'mudzi mwathu, ndipo kudambwe tinalowa chaka chimodzi. Tsiku loyamba kundiona nditapaka, anandiyang'ana pa galasi la vani kwa nthawi, kenako n'kuliza injini.

"Amwene, ine sindinaone munthu," anatero. "Ndanyamula chilombo basi."

Ndinamva bwino mumtima, chifukwa lamulo lake tonse tinkalidziwa: amene ali m'kati mwa chovala satchulidwa dzina. Ndipo lamulo lomwelo ndi limene linandisokoneza. Kwathu mwamuna sauza mkazi wake kuti wovina uja ndine. Mkaziyo angazindikire mapazi, angazindikire msana, koma onse awiri amakhala chete mpaka kukalamba. Ndiye Esnart sindinamuuze kanthu. Ndinangoti andikweza, tsopano ndikugwira m'kati. Ndinanyamula mwambo wa ku Dowa n'kukauyala ku Doha ngati kuti nawonso unapatsidwa viza.

4

M'mwezi wa Malichi, dzuwa lisanayambe kulusa, tinaitanidwa ku befide ya mtsikana wa banja lina la ku Egypt. Nditamva kuti ndi ku Al Markhiya, mtima unagunda. Nyumba imene Esnart ankagwirako ndinkaidziwa, ya geti yakuda pafupi ndi mzikiti waung'ono. Titakhota msewu wina kutali ndi kumeneko, ndinapuma.

Pa geti panali dalaivala wa pa nyumbayo, mwamuna woyera khungu, wa ndevu zodula bwino. Atamva Macfussy akung'ung'udza m'Chichewa pobweza vani m'mbuyo, anayandikira pa windo.

"Aa, a kumudzi? Ndine Swaleh, wa ku Mangochi. Mwabweretsa chiyani umu?"

"Katundu wa party, bwana," anayankha Macfussy, osatembenuka n'komwe.

Ndinali nditavala kale theka, ndiye ndinatsikira kuseri, pafupi ndi khitchini, n'kulowa m'kachipinda kamene anatipatsa. Potuluka ndinadutsana ndi Swaleh uja. Anandiyang'ana kuyambira ku gogoda mpaka ku wigi, n'kulavula pambali.

"Dziko latha," anatero m'Chichewa, poganiza kuti ndine wa ku Ghana kapena kwina.

Ndinamuponyera kisi ndi chokupizira, n'kupitirira.

Tsiku limenelo ndinasewera kuposa masiku onse. Ndinalowa pa kapinga ndikudandaula kuti palibe wandiyalira maluwa. Ndinakomoka m'manja mwa bambo wa pa nyumbapo. Ndinamenyana ndi tiana ta malupanga a pulasitiki, n'kufa imfa yaitali, uku ndikupempha kuti pa maliro anga pasapezeke wovala zabulawuni. Mwini befide analira ndi chiseko. Pobwerera ndinali nditatopa koma wokondwa, ndipo ndinamutumizira Esnart meseji kuti ntchito yayenda bwino. Anayankha kuti Mulungu ndi wabwino.

5

Patapita masiku ochepa, ndinadzuka foni ikutentha. Vidiyo inali paliponse: pa gulupu ya aMalawi a ku Qatar, ya mpingo, ya anzanga a ku sekondale. Inayambira pa nambala ina yachilendo, ndipo pansi pake panalembedwa kuti, "Mkamwini wa ku Mponela, Anti Kumbu." Ndinaiona kamodzi nditatseka mawu. Maso okha anakwana, sindikanatha kumvanso mawu anga akulira ngati mwana wa mbuzi.

Atsibweni anaimba dzuwa lisanakwere.

"Mphwanga, zimene taona kuno n'zoona? Kapena ndi za makompyuta?"

"N'zoona, atsibweni. Koma ndi sewero chabe, la ana. Ndi ntchito."

"Anthu kuno akuti wayamba za mathanyula. Amayi ako sakupita ku mjigo."

Ndinalimba mtima. "Atsibweni, inu ndi ine tikudziwa zimene zimatuluka pa bwalo kwathu. Chitenje chija, duku lija. Kodi n'zosiyana?"



"N'zosiyana," anatero. "Zija zimakhala ndi nkhope yake. Iwe wavina ndi nkhope yako."

Anapitiriza kuti a kuchikazi atumiza mawu: chinkhoswe chiyambe chaima. Bambo a Esnart ndi mkulu wa mpingo, sangapereke mwana kwa munthu amene sakudziwika mbali yake.

Lachisanu ndinakumana ndi Esnart ku Corniche. Anyamata ena a gulu lathu atandiona anayamba kuyenda mogwedeza chiuno, wina n'kufunsa ngati ndili ndi lipisitiki yobwereka. Esnart anandikokera pa benchi yakutali. Maso ake anali ofiira.

"A Kumbu, bwanji simunandiuze? Ndikanamvetsa ine."

Ndinagwa nkhope. Ndinapepesa ngati mwana, ndinalonjeza kusiya, ndinamupempha kuti alankhule ndi makolo ake. Anati ayesa, koma ndisayembekezere zambiri, bambo ake akati ayi ndi ayi. Kenako anafunsa modekha, akupukuta mphuno.

"Kodi amene ankadziwa za job imeneyi ndani?"

"Macfussy yekha."

"Ndiye mukufunanso kudziwa chiyani?"

Madzulo omwewo ndinasamutsa matiresi anga m'chipinda chimene tinkagona ndi Macfussy. Ndinamuuza pamaso pa anthu kuti ndi njoka, kuti anagulitsa lumbiro chifukwa cha nsanje. Anangotenga thaulo lake n'kupita kosamba.

6

Kwa milungu ingapo tinkayenda mu vani imodzi osalankhulana. Ntchito sindinasiye, kontirakiti sisiyidwa ngati ndudu. Esnart ankanditumizira mavesi olimbikitsa, ine n'kumakhulupirira kuti pofika Disembala mitima idzakhala itazizira.

Masana ena Macfussy anaimika vani kuseri kwa mashopu a ku Al Sadd, n'kutseka zitseko zonse.

"Aise, wanditukwana mokwanira. Vidiyo ija unaionera bwinobwino?"

"Tsegula chitseko."

"Ine ndinali ku geti tsiku lonse, ndi ma-speaker. Taona apa. Geti ndi iyo ikuoneka kutsogoloko, ndipo mutu uwo ndi wanga. Ndinadzijambula bwanji ndekha kuchokera kumbuyo kwako?"

Ndinayang'ana pa foni yake. Zinali zoona. Chithunzi chinali ndi timizere ta waya wotchinga udzudzu, ndipo m'munsi munkaoneka nsonga ya mpopi wa pa sinki.

"Yajambulidwira ku khitchini," ndinatero.

"Tsopano kweza volume. Ine ndinamva kalekale, koma ndinkafuna umve ndi makutu ako. Ukanati ndikunamizira mlamu."

Ndinakweza. Poyamba kunali nyimbo, ana kukuwa, ndi mawu anga opyapyala aja. Kenako pafupi penipeni ndi foni, munthu anaseka motsekereza pakamwa, chiseko chothera m'mphuno. Chiseko chimenecho ndinali nditachimva Lachisanu lililonse kwa zaka ziwiri. Pamapeto, motsitsa kwambiri, mawu a mkazi ananong'ona.

"Swaleh, tabwera udzaone. Mulungu wayankha."

Ndinabwereza katatu kapena kanayi, sindikumbuka. Macfussy anatsegula windo n'kuyang'ana kunja kuti ndilire bwino.

7

Sindinadikire Lachisanu. Ndinamuimbira Esnart kuti ndili kuseri kwa mzikiti waung'ono uja, ndipo akapanda kutuluka ndigogoda pa geti. Anatuluka ndi thumba la zinyalala. Ndinamutsegulira mawu a mu vidiyo aja.

Ndinkayembekezera kuti akana, kapena agwada. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kuika thumba lija pansi.

"Madamu a kumene kuja ndi achemwali awo a madamu anga," anatero. "Kukakhala party amandibwereka kuti ndikathandize ku khitchini. Swaleh ndi amene amabwera kudzanditenga. Mumaona ngati wantchito amakhala nyumba imodzi ngati mphaka?"

"Unandizindikira bwanji?"

"Makutu. Wigi sinabise makutu."

"Esnart, ukanandifunsa. Ukudziwa bwino kuti ndine mwamuna."

"Ndikudziwa kuposa aliyense. Nkhani si imeneyo." Anayang'ana kumsewu, kenako anagwira pamimba pake ndi dzanja limodzi. Apa m'pamene ndinaona kuti yunifomu yake yayamba kumuthina. "Mimbayi si yanu. Inu munkati tidikire chinkhoswe."

Ndinatsamira khoma lotentha.

"Ndikanakusiyani ine, Mponela yense akanati hule ndine," anapitiriza, mawu ake ali phee ngati akuwerenga mitengo ya mu shopu. "Bambo akanawatsitsa pa mpando ku church. Ndinkasowa chifukwa, a Kumbu. Ndinapemphera, ndinasala kudya. Ndiye tsiku lija ndikusuzumira pa windo, ndikuona chifukwa chikutuluka m'kachipinda chitavala gogoda."

"Ndipo dzina lija la Anti Kumbu?"

"Linangobwera. Likukhalani."

Anafotokoza kuti contract yake ikutha posachedwa. Adzapita kwawo mimba isanaonekere kwa madamu, Swaleh adzamutsatira, adzakwatirana mwakachetechete. Anthu adzamumvera chisoni, ndipo palibe amene adzawerenge miyezi ya mkazi amene anapulumuka kwa Anti Kumbu.

"Inu ndinu mwamuna, zidzaiwalika," anatero, akunyamula thumba lake. "Yalla, ndapita, madamu andifuna."

Ndinadana naye pomwepo, chidani chimene sindinkadziwa kuti chingakwane m'chifuwa cha munthu.

8

Mwana wa madamu ake a Esnart anali pa befide ija ya msuweni wake, ndipo nayenso anafuna Jenerali Shuga pa yake. Madamu Yasmin atandiuza adiresi, ndinazindikira geti yakuda. Macfussy anati ndinamizire kudwala. Ndinakana. Ndinapaka milomo mosamala kuposa kale.

Kunali kutayamba kutentha, ndiye phwando linali m'chipinda chachikulu chochezera. Madamu a pa nyumbapo anakhala pa sofa limodzi ndi achemwali awo, mabwana a Swaleh. Esnart ankazungulira ndi thireyi ya zakumwa. Atafika pa ine anandipatsa tambula, maso ali pansi ngati wantchito wa ulemu.

"Mwapaka bwino lero, achemwali," ananong'ona m'Chichewa.

Ana anali akuyang'ana, ndiye ndinaseka chiseko cha Jenerali, chikhatho pambali pa kamwa.

Keke isanadulidwe pamakhala gawo limene ana amalikonda kwambiri. Jenerali amakhala pa mpando, ana n'kumamubweretsera akuluakulu mmodzimmodzi kuti awaweruze maonekedwe. Ndinauza bambo wa pa nyumbapo kuti nsapato zake zikupempha kupuma pa ntchito. Ndinauza agogo ena kuti mafuta awo onunkhira akhoza kupha udzudzu wa m'boma lonse. Munthu wotere amaloledwa kunena chilichonse, chifukwa palibe amene amamuwerengera. Kenako mwini befide anakoka Esnart pa dzanja.

"Uyunso, Jenerali, uyunso."

Anaima patsogolo panga thireyi ili pamimba. Anamwetulira, koma m'maso mwake munali mantha, ndipo ndinakondwera kuwaona. Ndikanatha kunena za duku lake. Ndinali nditakonza kale kamwa kuti nditero. Ndinatambasula chokupizira, n'kukankhira thireyi ija pambali pang'onopang'ono, n'kumuyang'ana m'chiuno.

"Ooh, darling," ndinatero m'Chingerezi cha shuga, maikolofoni ili pakamwa. "Uyu sindimuweruza, akudyera anthu awiri. Madamu, mukagule tizovala tating'ono. Saizi yake mukafunse dalaivala wa achemwali anu."

Chipinda chonse chinaphulika. Ana anagubuduka pa kapeti, abambo anamenya m'mawondo. Anthu awiri okha sanaseke, amayi aja a pa sofa. Anayang'anizana, kenako onse anayang'ana pamimba pa Esnart.

9

Kuno mimba yopanda ukwati si nkhani ya masewera, munthu amamangidwa nayo, ndipo ndinkadziwa zimenezo pamene ndinkatsegula pakamwa. Esnart anachita mwayi kuti madamu ake sanafune phokoso. M'mawa mwake anamutengera ku chipatala kukatsimikiza, ndipo sabata isanathe anali m'ndege, katundu wake wina atatsala. Swaleh analumbira kuti samudziwa, iye ali ndi mkazi ndi ana ku Mangochi. Galimoto akuyendetsabe mpaka lero.

Madamu Yasmin anandiitana ku ofesi. Sanakuwe.

"Jenerali amanyoza nsapato, Kumbu. Sanyoza moyo wa munthu. Anthu anatiitana kuti tiseketse ana, iwe unabwera ndi mpeni."

Anandilanda wigi ndi chokupizira n'kupatsa mnyamata wina wa ku Uganda. Ndinapita kwa Macfussy kukapepesa pomutchula njoka paja. Anandilandira, koma anawonjezera kuti chimene ndinachita pa phwando lija sichinali cha chilombo, chinali changa.

Nkhani inafika ku Malawi Esnart asanatsike ndege. Ndipo apa, owerenga, m'pamene ndikufuna mundimvetsere, chifukwa ambiri a inu munalipo. Gulupu yomwe ija inatembenuka tsiku limodzi. Anyamata a ku Corniche anayamba kundigwira chanza ndi manja awiri, kunditchula biggie, kundigulira tiyi. Atsibweni anaimba, mawu ali myaa.

"Mphwanga, tsopano wasonyeza kuti ndiwe mwamuna. Amayi ako ayambanso kupita ku mjigo. Kuli mtsikana wina ku Mvera, makolo ake amva zonse ndipo akondwera."

Ndiye tandiuzani. Miyezi yonse imene ndinkavina, kuseketsa ana, osapweteka ngakhale ntchentche, munati sindine mwamuna. Tsiku limene ndinagwetsa mkazi woyembekezera ndi mawu a pa maikolofoni, munandibwezera dzina langa. Musandifunse ngati Esnart analakwa. Analakwa, ndipo masiku ena ndimadzuka ndikudana nayebe. Koma iye anasankha wigi ija chifukwa ankakudziwani inu. Ankadziwa kuti mudzakhululukira munthu wakuba, womenya mkazi, wothawa ana ake, koma osati wopaka milomo. Inenso ndinasankha mimba ija chifukwa ndinkakudziwani. Tonse awiri tinkaponyerana kwa inu, ndipo simunatikhumudwitse.

Mwezi watha Esnart anachira mwana wamkazi. Akukhala kwa azakhali ake, chifukwa bambo ake anamuuza kuti asaponde pakhomo. Wina anamujambula akutuluka m'chipatala, wowonda, mwana ali m'manja, palibe womunyamulira beseni. Chithunzicho chaikidwa pa gulupu m'mawa uno, ndipo woikayo wanditchula dzina kuti ndisachiphonye. Pansi pake alemba kuti, "Biggie, tiuzeni mawu amodzi."

Foni ili m'manja mwanga pamene ndikumaliza kulemba izi. Ndikukuonani nonse muli pa mzere, mukudikira kuti ndiyambe ine kuseka.